Mutu 9: Fuwa Lachitatu la Njinga Yamoto

Mwana aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti mphika sukhazikika pa mafuwa awiri. Mafuwa amakhala atatu, ndipo limodzi likangotitimira, phala lonse limathera paphulusa. Njinga yamoto imatsata lamulo lomwelo. Ikamathamanga, matayala awiri amaikwanira. Ikaima imafuna fuwa lachitatu. Poyamba fuwalo limakhala mwendo wa wokwera, mpaka iye atatsitsa kachitsulo ka kumanzere kaja kamene tonse timangoti sitandi.

Munthu wamtali saganizako n'komwe za kusinthana kwa mwendo ndi sitandi. Chidendene chimangokankha, chitsulo n'kuti kha, iye watsika kale. Kwa wamfupi pamenepo ndiye pagona nkhani. Phazi lina likungokhudza pansi ndi zala, linalo likupapasa chitsulo chimene maso sakuchiona, ndipo njinga yomuposa kulemera kawiri ikungodikira kuti alakwitse. Okwera aafupi ambiri amagwetsa njinga itaima kale, pabwalo, anthu akuonerera.

Ku Ludzi, m'boma la Mchinji, njinga yamoto ndi chida cha tsiku ndi tsiku. Kuli mishoni ya Katolika, chipatala ndi sukulu ya sekondale ya atsikana, ndipo malo atatuwa amakoka anthu ochokera kutali. Wodwala wochokera kumudzi, kholo lodzazonda mwana, mlimi amene thumba lake la mtedza likupita kumsika wa pa Kamwendo kapena ku boma, onsewa amadalira akabaza. Mawu akuti kabaza adayambira pa njinga zakapalasa, koma masiku ano ukawatchula ambiri amaganiza za yamoto. Kuwonjezera pa akabaza pali alangizi a zaulimi, a zaumoyo, aphunzitsi ndi ogula mbewu. Ena mwa iwowa ndi amayi, ena ndi amuna a msinkhu wochepa, ndipo wopanga njinga sadawayeze mwendo.

Sitandi ilibe mlandu

Tiyeni tiime pang'ono pa shedi ya wowotcherera zitsulo, yonga imene mungaipeze pa msika uliwonse wa m'mbali mwa msewu wa M12. Pafika mayi wina, mlangizi, pa njinga yaitali ya kumunda. Waima mopendekeka, thako lili pambali pa chishalo, ndipo walephera kawiri kutsitsa sitandi asanaipeze kachitatu.

"Achimwene, mundidulireko sitandiyi. Yatalika."

Wowotcherera wofuna ndalama yachangu akadangotenga sowo. Uyu wapukuta manja, wazungulira njingayo, waigwedeza pang'ono.

"Pepani amayi, tabwererani pampando kaye ndione. Eya, tsitsaninso."

Mayiyo watambasula mwendo wamanzere cham'mbuyo. Chidendene chadutsa pamwamba pa sitandi, chagunda chivundikiro cha tcheni, chabwerera chopanda kanthu.

"Mwaona? Sitandi ilibe mlandu. Njingayi ikuima bwinobwino. Chidendene chanu ndicho sichikupeza pogwira. Ndikaidula, mudzavutika kuposa apa."

Mawu a wowotchererayu ndiwo mutu wonse wa nkhani yathu. Mavuto a wokwera wamfupi ndi sitandi ali mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi mankhwala ake. Pali kulephera kuifikira ndi phazi. Pali kulephera kudzutsa njinga imene yapendekeka kwambiri. Palinso njinga imene yaima chilili moti kamphepo kokha kangaigwetsere kumanja. Sowo imathandiza vuto lachitatu lokha, ndipo lachiwirilo imalikulitsa.

Njinga zosokeredwa anthu ena

Njinga yoyamba yoyendera petulo, imene Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach adapanga ku Germany mu 1885, inali yamatabwa ndipo idali ndi timatayala tiwiri m'mbali toichirikiza. Vuto la kuima lidabadwira limodzi ndi njingayo. Timatayalato tidachotsedwa pambuyo pake chifukwa njinga imakhota mwa kupendekeka, ndipo ntchito yochirikiza idagwera mwendo wa munthu ndi sitandi.

Njinga zodzaza m'misewu ya Mchinji lero zimachokera ku China, India ndi Japan. Zambiri za akabaza zimatengera kapangidwe ka Honda CG125, imene idatuluka mu 1975 ndipo idapangidwira maiko a misewu yovuta kumene makaniko ndi osowa. Njinga za mtundu umenewu chishalo chake chimakhala pakati pa masentimita 75 ndi 80 kuchokera pansi. Za kumunda, zonga Yamaha AG200 ndi DT125 zimene mabungwe ndi maofesi a boma akhala akugulira alangizi, zimapitirira masentimita 80, chifukwa zidakwezedwa dala kuti mimba yake isagunde miyala ndi zitsa.

Tsono yezani Mmalawi. Amuna a kuno amatalika pafupifupi masentimita 166, amayi pafupifupi 156, tikatengera pakatikati. Mwendo wa munthu, kuyeza chamkati kuchokera m'mphechepeche kufika pansi, umachepera pang'ono theka la msinkhu wake. Mayi wa masentimita 156 ali ndi mwendo wa masentimita 70 ndi mphambu zochepa. Chishalo chimatsikako akachikhalira, koma n'chotakata, ndiye chimatangadza miyendo n'kudyanso utali wina. Mapazi onse awiri sangafike pansi nthawi imodzi. Ayenera kusankha limodzi.

Kusankhako n'kumene kumavuta. Sitandi ili kumanzere. Anthu amati mwambowu udachokera kwa okwera akavalo, amene amakwerera kumanzere, ndipo n'zoonekeratunso kuti kumanja kudatengedwa kale ndi kiki yolizira injini. Kuti phazi lamanzere ligwire sitandi, lamanja liyenera kukhala pansi. Wamfupi akasendera kumanja kuti phazilo lifike, ndiye kuti mwendo wamanzere watalikirana ndi sitandi. Akasendera kumanzere kuti aipeze, kumanja kwatsala kopanda mchirikizo. Masentimita asanu okha ndiwo amasiyanitsa kutsika mwaulemu ndi kugwa.

Chitsulo, bawuti ndi sipuling'i

Gwadani pambali pa njinga muyang'anitsitse. Sitandi ili ndi zinthu zinayi zokha: mwendo wachitsulo, bawuti imene mwendowo umazungulirapo, sipuling'i, ndi kaphazi ka pansi. Luso lonse lili pa mmene sipuling'i idakoledwera. Sitandi ikakhala m'mwamba, sipuling'i imaikokera m'mwamba. Mukaikankha n'kudutsa pakati pa ulendo wake, sipuling'i yomweyo imayamba kuikokera kutsogolo mpaka itagunda chotsekereza. N'chifukwa chake imalimba poyambira kenako n'kudzithamangira yokha. Wokwera wamfupi nthawi zambiri mwendo umamuthera pakatikati pomwepo, pamene chitsulo sichinasankhe kopita. Akapendeketsa njinga sitandi ili pamenepo, imapindika, njinga n'kumutsata.

Onaninso kuti sitandi ikatsika siima njo, imapitirira pang'ono kuloza kutsogolo. Imapindikira kumbuyo. Choncho njinga ikasuntha kubwerera m'mbuyo, sitandi imangokwekwereka koma osapindika. Ikasuntha kupita kutsogolo, imadzipinda yokha. Mfundo imeneyi tidzaikumbukira pokamba za koimika.

Pa njinga zambiri tcheni chimadutsa kumanzere komweko, ndipo chimawazira oyilo pa bawuti ya sitandi. M'chilimwe fumbi la katondo limakakamira pa oyiloyo n'kupanga phala lokhakhala ngati mchenga wotsukira mapoto. Phalalo limalimbitsa sitandi, kenako limadya bawuti ndi bowo lake, mpaka mwendo uyambe kugwedera. Sitandi yogwedera imatangadza kwambiri, ndipo njinga imapendekeka kuposa mmene idapangidwira. Kotero musanaganize zowotcherera chilichonse, masulani bawutiyo, itsukeni ndi palafini, pakani girizi, ndipo ngati yadyeka gulani ina. Nthawi zina vuto lonse limathera pomwepa. Pobwezeretsa sipuling'i yolimba, amakaniko ena amaipinda n'kulowetsa mawashala kapena makobidi pakati pa mizere yake kuti italike, ndipo ikakoleka amawazula. Makobidi a K5 ndi K10 amene sagulanso kanthu aja apa ndiye amapeza ntchito.

Kanyanga ka chidendene

Mankhwala a vuto loyamba, lolephera kufikira, ndi kachitsulo kotuluka m'mbali mwa sitandi kuti chidendene chipeze pogwira. Tikatche kanyanga. Sitandi zambiri zimabwera nako, koma kamakhala kakafupi, kobisala pansi pa popondera, kapena kadathyoka kalekale. Kukatalikitsa ndi masentimita atatu kapena asanu kumasintha zinthu kuposa mmene mungaganizire.

Mmisiri wabwino sayamba ndi moto. Amatenga waya wolimba, n'kuupinda ngati kanyanga, n'kuumangirira pa sitandi ndi mphira ya chubu. Mwini njinga amakhala pa chishalo atavala nsapato zimene amayendera masiku onse, phazi lamanja pansi, n'kutsitsa chidendene chamanzere osayang'ana. Pamene chidendenecho chafikira mwachibadwa ndi pamene pafunika kanyanga. Wayayo amasunthidwa mpaka chidendene chiziupeza kasanu motsatizana. Akatero mmisiri amadula chitsulo chozungulira chokhuthala ngati chala cha mkombaphala, n'kuchipinda motengera waya uja.

Sitandi ichotsedwe pa njinga isanawotchereredwe. Pamwamba pake pali kabuleta ndi timapaipi ta petulo, ndipo magetsi a makina owotcherera angathe kupsereza zamagetsi za njinga. Kumasula bawuti imodzi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Nsonga ya kanyanga ipindidwe kapena ipalidwe kuti isakhale yakuthwa, chifukwa pamalo pomwepo pamadutsa miyendo ya thalauza, zingwe za nsapato ndi zitenje za okwezedwa.

Pali zinthu zinayi zoti muone sitandi itabwezeretsedwa. Choyamba, itapindidwa m'mwamba, kanyanga kasagunde chosinthira magiya, tcheni kapena sitandi yapakati. Chachiwiri, kasalende m'munsi. Anthu awiri agwire njinga n'kuipendeketsa kumanzere kwambiri ngati ikukhota, wina akuyang'ana chimene chiyambe kukhudza pansi. Chikhale popondera, chisakhale kanyanga. Kumbukirani kuti njinga ikanyamula anthu awiri ndi katundu imatsika, ndiye siyani mpata wokwanira. Chachitatu, wokwezedwa apeze poika phazi lake popanda kuponda kanyangako. Chachinayi, sipuling'i ikhale ikadali ndi mphamvu yogwira sitandi imene tsopano yalemerako. Igundeni ndi dzanja kuchokera pamwamba. Ikatsika mosavuta, ndiye kuti pa mabampu a njira za kumudzi izidzitsikira yokha, ndipo pafunika sipuling'i yatsopano.

Njinga ya ofesi kapena ya bungwe si yowotcherera popanda chilolezo cha eni ake. Zikatero kanyanga kangathe kuwotchereredwa pa kachitsulo kopindidwa ngati chibangili, kamene kamamangidwa mozungulira sitandi ndi mabawuti awiri. Tsiku lobweza njinga mumangomasula. Kofunika ndi kumayesa mabawutiwo kawirikawiri, poti kugwedezeka kwa injini kumamasula chilichonse.

Kupendekeka ndi katundu

Njinga yoima pa sitandi imapendekeka pang'ono, mwina madigiri 10 mpaka 15. Kuti tione chifukwa chake digiri iliyonse ili ndi mtengo, tiyerekeze njinga ya makilogalamu 120 imene phata la kulemera kwake lili theka la mita kuchokera pansi. Ikapendekeka madigiri 10, kuidzutsa pogwira mahandulo kuli ngati kukankha makilogalamu 10. Pa madigiri 15 amakhala pafupifupi 16, ndipo pa madigiri 20 amapitirira 20. Tsopano mangani thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa kaliyala. Thumbalo lili pamwamba, kutali ndi nthaka, ndiye limakoka mwamphamvu. Pa madigiri 15 omwe aja, zokankha zija zakwera kufika pafupifupi makilogalamu 27. Matumba akakhala awiri zimafika cha m'ma 40.

Wamtali amadzutsa njinga yotere ndi ntchafu, phazi lonse litaponda pansi. Wamfupi amaidzutsa ndi zala za kuphazi. Apa n'pamene pamaonekera kuopsa kwa sowo ija. Sitandi yodulidwa imapendeketsa njinga kwambiri, ndipo amene amafuna kupepukidwa wadzisenzetsa mtolo wina. Wokwera wamfupi amene njinga yake imagona kwambiri amafunika sitandi yotalikirako pang'ono.

Utaliwo umapezeka mosavuta pa kaphazi ka pansi, ndipo pamenepo timapha mbalame ziwiri ndi mwala umodzi. Kaphazi ka sitandi zambiri n'kakang'ono, mwina masentimita awiri m'lifupi ndi atatu m'litali. Pa phula kapena pa nthaka youma ya mwezi wa September palibe vuto. Koma mvula ikayamba, kuyambira cha mu December mpaka March, dothi la m'minda ndi makande a kudambo zimafewa, ndipo kaphaziko kamalowa ngati chikhomo. Mumasiya njinga itaima bwino, mukukambirana ndi mlimi za soya wake, pobwera mwaipeza itagona, petulo akutayikira. Chitsulo chafulati cha masentimita 6 m'lifupi ndi 8 m'litali chili ndi malo oponda ochuluka kasanu ndi katatu kuposa kaphazi kaja. Chikawotchereredwa kunsi, sitandi imaleka kutitimira, ndipo kukhuthala kwake kumaimiritsako njinga. Chiwotchereredwe mopendekeka moyenera kuti chizipondera pansi chonse, osati ndi m'mphepete mokha.

Opanga njinga za kumunda adaliona kale vutoli. Yamaha AG, imene idapangidwira alimi a ziweto a ku Australia ndi New Zealand, ili ndi masitandi mbali zonse ziwiri, kuti woimika pamalo otsetsereka asankhe mbali yabwino. Kwa wamfupi mwayi wake ndi wakuti angatsitse sitandi ya mbali imene phazi lake lili m'mwamba. Amene alibe njinga yotere ayende ndi kathabwa kakang'ono m'chikwama. Ena amakamangirira chingwe kuti akakwera azingokakoka osawerama.

Nthawi yoyenera sowo

Pali nthawi imodzi imene kudula sitandi kuli koyenera, ndiyo pamene njinga yeniyeniyo yatsitsidwa. Njira zotsitsira sizifanana, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa.

Yosavuta ndi yosaopsa ndi ya chishalo. Wosoka mipando amachotsa chikopa, n'kusenga siponji masentimita awiri kapena atatu pamwamba, makamaka m'mbali cha kutsogolo kumene ntchafu zimadutsa. Kuchepetsa m'mbalimu kumathandiza mwina kuposa kutsitsa pamwamba, chifukwa miyendo imalunjika pansi m'malo motangadza. Njira imeneyi siikhudza sitandi, poti thupi la njinga lili pomwe lidali.

Njira zina zimatsitsa thupi lenilenilo. Mashoki a kumbuyo a njinga zambiri ali ndi timasitepe tolimbitsira kapena kufewetsa sipuling'i yake, ndipo akafewetsedwa njinga imatsikako. Ena amaika mashoki aafupi, kapena kukweza mafoloko a kutsogolo m'zomangira zake sentimita imodzi kapena awiri. Zonsezi zili ndi mtengo wake. Mimba ya njinga imayandikira nthaka, ndipo wakabaza wonyamula katundu wolemera adzamva tayala likukhula madigadi. Kutsitsa kumbuyo kokha kapena kutsogolo kokha kumasinthanso makhotedwe a njinga. Ntchito imeneyi ndi ya makaniko wodziwa.

Thupi likatsika, sitandi yakale imakhala yatalika. Njinga imaima chilili, ndipo mwana woitsamira kapena mphepo ya mkuntho wotsogolera mvula ingaigwetsere kumanja. Apa sowo ilowepo, koma muyeze kaye. Pamalo osalala, kwezani matayala onse awiri pa matabwa okhuthala sentimita imodzi, sitandi ikhale pansi. Mmene yapendekera njingamo ndi mmene idzakhalire sitandi ikafupikitsidwa pafupifupi sentimita imodzi. Onjezerani matabwa mpaka iime mokhazikika koma mwini wake n'kumatha kuidzutsa atakhala pa chishalo. Kukhuthala kwa matabwawo ndiye muyeso wanu. Kuyesa sitandi yotalikirapo n'chimodzimodzi, kungoti thabwa limaikidwa pansi pa sitandiyo.

Podula, dulani cha kumunsi, pansi pa pokolera sipuling'i, kuti makokedwe ake asasinthe. Ngati mwendo uli wamphako, mulowetsemo chitsulo cholimbitsa musanalumikize. Dulani pang'ono kuposa mmene mukuganizira, popeza kudulanso n'kotheka mawa koma chodulidwa sichimera. Sitandi ya aluminiyamu, yopezeka pa njinga zina zodula, siilumikizika ndi makina wamba a pamsika. Wochenjera amagula sitandi yakale kwa ogulitsa zipangizo, n'kuyesera pa imeneyo, yeniyeni n'kuisunga.

Zosalira ndalama

Chitsulo chikakonzedwa, thupi nalo liphunzire. Mukafika poima, khalani mu giya yoyamba ndipo zimitsani injini, kenako siyani kilatchi. Njinga yozima ili mu giya siyenda, ndipo zimenezi n'zofunika chifukwa phazi lamanja likapita pansi buleki ya kumbuyo yatsala yopanda woiponda. Senderani kumanja pa chishalo kuti phazi lamanja liponde lonse. Phazi limodzi loponda bwino limaposa awiri onyang'ama. Tsitsani sitandi ndi chidendene chamanzere, ikankheni mpaka igunde, ndipo weramani muione ndi maso. Mukatero m'pamene mupendeketse njinga pang'onopang'ono mpaka mumve kuti yakhala. Potsiriza pindirani mahandulo kumanzere, chifukwa njinga imakhazikika bwino choncho. Ponyamuka, kuwapindira kumanja kumaidzutsako yokha, ndiye mwendo umangomalizitsa.

Ena aafupi kwambiri amatsika kaye, atagwira buleki ya kutsogolo, njinga itatsamira m'chiuno mwawo, n'kutsitsa sitandi ataima pansi. Palibe chamanyazi pamenepo. Pa njinga yopepuka yopanda katundu njira imeneyi imagwira bwino.

Malo oimika asankhidwe musanaime. Pachitunda njinga iyang'ane kumtunda, kuti ikafuna kutsetsereka ibwerere m'mbuyo, kumene sitandi siipindika. Kuno kwathu, monganso ku Zambia ndi ku Mozambique, timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo msewu umatsetserekera m'mbali kuti madzi azichoka. Woima m'mphepete mwa M12 ndiye kuti sitandi yake ili kumunsi, ndipo njinga igona kuposa masiku onse, makamaka ngati matayala ali pa phula koma sitandi yagwera padothi. Phazi lamanzere nalo lipeza nthaka ili patali. Ndi bwino kutulukiratu pamsewu n'kupeza posalala. Pomanga katundu gwiritsani ntchito sitandi yapakati ngati ilipo, ndipo okwezedwa asakwere njinga ili pa sitandi ya m'mbali. Chizolowezi cha pa siteji chogona pa chishalo podikira makasitomala ndicho chimapinda masitandi ambiri ndi kukulitsa mabowo ake.

Sitandi yoiwalika

Kanyanga kamathandiza kutsitsa, koma ngozi yaikulu ya sitandi imabwera poiwala kuikweza. Panjira yowongoka wokwera samva kanthu. Pokhota koyamba kumanzere chitsulo chimakumba pansi, tayala la kumbuyo limanyamuka, ndipo njinga imakana kukhota n'kulunjika mbali ya magalimoto obwera kutsogolo. N'chifukwa chake pa siteji iliyonse mumamva anthu akukuwa kuti "Sitandi! Sitandi!" kwa munthu amene sakumudziwa n'komwe.

Opanga njinga ayesa njira zingapo. Honda idayamba kale kuika kamphira kolendewera kunsi kwa sitandi, kamene kamakhudza pansi koyamba n'kuikankhira m'mwamba. Njinga zina za ku Ulaya zidali ndi sitandi yodzibwerera yokha mukangodzutsa njinga, koma imeneyi ndi mdani wa wamfupi, chifukwa imafuna kuigwira ndi phazi mpaka njinga itakhala. Zatsopano zambiri zili ndi swichi imene imazimitsa injini mukalowetsa giya sitandi ili pansi. Swichiyo ikadzaza matope imavutitsa, ndipo ena amangolumikiza mawaya kuti athane nayo. Kuitsuka kapena kugula ina n'kotsika mtengo poyerekeza ndi fupa lothyoka. Ndipo wowotcherera kanyanga kapena kaphazi aonetsetse kuti sadatsekereze kamphira kaja kapena kusokoneza swichi.

Bungwe la Riders for Health, limene okwera ake amanyamula magazi ndi makhololo okayezedwa kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono za m'dziko muno, limaphunzitsa okwera kuyendera njinga tsiku lililonse asananyamuke, kuona mafuta, oyilo, tcheni, mabawuti, mabuleki ndi matayala. Wokwera aliyense angatengerepo phunziro n'kuwonjezera sitandi pa mndandandawo. Kuikankha kawiri ndi phazi m'mawa kumakuuzani ngati yalimba, yagwedera kapena sipuling'i yatopa.

Mlimi wa ku Mchinji akagula khasu salandira mpini uliwonse. Amausema molingana ndi msana wake, ndipo wa mwana amaufupikitsa. Palibe amene amati mwanayo ndi wosayenera kulima chifukwa mpini wa bambo ake wamutalikira. Mayi mlangizi uja adachoka pa shedi sitandi yake ili ndi utali womwe idabwera nawo. Chidasintha ndi kanyanga ka masentimita anayi, kaphazi kafulati kunsi, ndi girizi pa bawuti. Asananyamuke wowotcherera adamuuza kuti ayesenso. Adasendera kumanja, phazi lidaponda, chidendene chidatsika kamodzi kokha, chitsulo n'kuti kha.

"Basi amayi, pitani bwino. Koma poyambapo musaiwale kuikweza."